Mmene mungadziwire kuti mutu watopa musanalakwitse ntchito

Ine ndimakhala mukakiyosiki ka mobile money pa Ngabu, kuyambira 7 koloko mmawa mpaka dzuwa kulowa maso ali pafoni basi. Chaka chatha mu Okutobala, cha mma 2 koloko masana kukutentha ngati wina wayatsa ng'anjo pamalata, kunabwera mayi ena kudzatumiza K5,000 kwa mwana wawo wa kusekondale. Nambala ndinalemba bwinobwino, ndinaiwerenga mokweza iwo nkuvomera. Pandalama paja chala chinangowonjezera ziro mmodzi, K50,000 yapita. Ndalamayo inabwera ndithu nditavutika masiku angapo, koma chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti sikilini ija ndinaiyang'ana ndisanadine. Maso anaona, mutu sunaone.

Madzulo nditakhala pakhonde ndi pamene ndinayamba kukumbukira kuti thupi linali likundiuza kwa ola lathunthu. Ndinayasamula kangapo, ndinkatikita maso, meseji imodzi ndinaiwerenga katatu osagwira kuti ikuti chani, ndipo kamnyamata kena kongofunsa mayunitsi a K200 ndinakakalipira popanda chifukwa. Zonsezo ndinaziona koma ndinkangoti nkutentha basi, kuchigwa kuno kutentha nkwachilendo ngati? Ndiye ndati ndilembeko zimene ndaphunzira kuchokera tsiku limenelo, za anzanga amene ntchito yanu ndi yoyang'ana chinthu chimodzi nthawi yaitali: madraiva a minibasi ya Nsanje, akabaza a njinga zamoto, alonda, anamwino a shifiti ya usiku, makalaliki a pasikelo nthawi ya thonje, aphunzitsi ochonga mapepala, ana a Fomu 4 owerenga ndi tochi, ngakhale mwana amene mwamukhazika pansanja kuti aziingitsa mbalame mmapira.

Choyamba musamaukhulupirire mutu wanu

Izi zimveke kaye. Munthu wotopa mutu ndi amene amakhala womaliza kudziwa kuti watopa. Mukamufunsa amati ndili bhobho, chifukwa chiwalo chimene chimayenera kuyeza kutopako ndi chomwecho chatopacho. Zili ngati kufunsa woledzera ngati waledzera.

Ndipo kutopako kumayamba msanga kuposa mmene timaganizira. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a ndege a ku Britain ankadabwa kuti anthu oyang'ana radar, makina oonetsa pa sikilini zinthu zimene zili kutali, anthu ophunzitsidwa bwino, akumaphonya zizindikiro za sitima zapansi pamadzi za adani. Katswiri wina dzina lake Norman Mackworth anapanga kawotchi kopanda manambala, muvi wake umadumpha kamodzi pa sekondi, koma mwa apo ndi apo umadumpha kawiri. Munthu ankakhala maola awiri kuyang'ana kawotchiko, ntchito yake kungodina batani muvi ukadumpha kawiri. Zotsatira zake zinatuluka mu 1948: pakangotha mphindi 30 zoyamba anthu ankayamba kuphonya kwambiri, ndipo zinkapitirira kutsika. Mphindi 30 zokha abale, munthu sanagwire khasu, sanasenze thumba, wangokhala pampando. Ndiye mukaganiza za mlonda wa 6 mpaka 6 mungomumvera chisoni.

Choncho osadikira kumva kuti ndatopa. Yang'anani zimene thupi likuchita.

Maso ndi amene amaulula kwambiri

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pali nkhani. Munthu akamacheza bwinobwino amaphethira mwina ka 15 mpaka 20 pa mphindi. Mukayamba ntchito yofuna chidwi, makamaka pa foni kapena kompyuta, kuphethira kuja kumachepa, maso amangoti tong'o, nchifukwa chake pakapita nthawi amauma nkumamveka ngati mwalowa mchenga, kwathu kuno fumbi limawonjezeranso. Chimenecho si kutopa kwa mutu kwenikweni, ndi maso chabe akudandaula. Koma mutu ukayamba kutopa zimatembenuka: mumayamba kuphethira pafupipafupi, phethi phethi kangapo motsatizana, kenako kuphethira kumatalika. Chikope chimatsika msanga koma pobwerera mmwamba chimachita ulesi. Chimenechi ndiye chizindikiro chimene ndimachiopa, ndipo makina ena amene amaika mmagalimoto akuluakulu kunja kuti azidzutsa draiva amayeza chomwechi, kuti pa mphindi imodzi maso akhala otseka kapena otsala pang'ono kutseka kwa nthawi yaitali bwanji.

Dziyeseni chonchi. Mukaona kuti mukukweza nsidze kuti maso akhale otsegula, kapena mukupendeketsa mutu chammbuyo kuti muziona kudzera pansi pa zikope, dziwani kuti zikope zalemera kale ndipo mukuzithandizira ndi chipumi. Ena amayamba kutsinzina diso limodzi osadziwa. Ena manambala amaoneka awiriawiri kwa kasekondi kenako nkubwerera mmalo, chifukwa timinofu timene timagwirizanitsa maso awiri tayamba kulekerera.

China ndi kuima kwa maso. Draiva amene ali tcheru maso ake sakhazikika, amapita pagalasi, kumsewu, kwa mbuzi ili mbali, pa spidomita, kubwereranso. Akatopa maso amangoima malo amodzi kutsogolo ndwii, ngati akuona koma sakuona kanthu. Pa ntchito yanga zimaoneka motere: ndimapezeka ndikuyang'ana sikilini yozima, chala chili mmwamba, kasitomala nkuchita kunena kuti achimwene tathana kapena? Mukadzipeza mwatero kawiri pa ola limodzi, musapitirize kugwira ndalama za eni.

Kamwana ka diso nakonso kamasintha, munthu akayamba kusinza kamachepa ndi kumasinthasintha kukula kwake, koma zimenezo simungadzione nokha, ndi za makina.

Kuyasamula, khosi, nsagwada ndi zina

Kuyasamula kamodzi si nkhani. Koma katatu kanayi pa mphindi zochepa, misozi nkumalengeza, ndiye kuti thupi likuyesetsa kudzidzutsa. Limodzi ndi kuyasamula kumabwera kuusa moyo kosadziwika chifukwa chake, kudzikanda mmutu, kusisita nkhope, kusinthasintha kakhalidwe pampando ngati muli nsikidzi. Anthu amaona ngati munthu wotakataka pampando ndi amene ali maso, ayi ndithu, nthawi zambiri amakhala akulimbana ndi tulo.

Khosi limauma kumbuyoku, mapewa amakwera okha kufuna kukafika mmakutu, nsagwada zimalumana, kenako kamutu kaja kamayamba kowawa ngati wina wakumangani lamba pachipumi. Msana umagonja, mumayamba ntchito mutakhala njo, pofika masana chibwano chili padzanja. Manja nawo amayamba zawo, cholembera kugwa, kudina batani loyandikana nalo, kulemba 69 mmalo mwa 96. Aphunzitsi ochonga amazidziwa bwino izi, zolemba zanu zimayamba kupendama ndipo kuwonkhetsa mamalikisi a pepala limodzi kumatuluka ansala ziwiri zosiyana.

Ndiye pali chizindikiro china chimene anthu sachiwerengera ngati cha thupi: kupsa mtima msanga ndi kufuna zachidule. Mu 2022 akatswiri a ku Paris, mmodzi mwa iwo Mathias Pessiglione, anapatsa anthu ntchito ya mutu kwa maola oposa 6, gulu lina yovuta gulu lina yophweka, nkumawayeza ubongo. A ntchito yovuta aja anapezeka kuti mbali ya ubongo ya kutsogolo, imene imatithandiza kudziletsa ndi kulingalira tisanachite, mwaunjikana mankhwala otchedwa glutamate, ndipo powapatsa mwayi wosankha ankathamangira kandalama kochepa kolandira pompo kusiyana ndi zambiri zodikira. Nditamva zimenezi ndinadziseka, chifukwa ndi ine ndendende wa 3 koloko masana. Mmawa ndimawerenga ndalama kawiri, kufunsa dzina, kulemba mbuku. Masana ndimangoti aaa zili bwino izi. Mukadzimva mukunena mumtima kuti basi bola zithe, chimenecho ndi chizindikiro chofanana ndi kuyasamula.

Katulo kakuba

Aka ndiye koopsa. Ubongo umazima kwa masekondi ochepa, awiri, anayi, nthawi zina kufika khumi, maso mwina ali otsegula ndithu, ndipo mwini wake sadziwa kuti anagona. Chimene mumamva ndi kudzidzimuka, mutu gwedeee kenako dzidzimu, kapena kungozindikira kuti pali kachidutswa kanthawi kamene kasowa.

Achimwene anga amayendetsa minibasi ya Nsanje kupita ku Blantyre. Amanena okha kuti pokwera phiri kuchoka pa Thabwa sagona, makona aja salola, manja ndi maso zonse zili pantchito. Malo owopsa ndi kuno kosalala, kuchoka Bangula kudutsa Ngabu kukafika Nchalo, msewu uli tambalale, injini ikulira mawu amodzimodzi, mphepo yotentha ikulowa pawindo, apasenjala onse agona. Tsiku lina anafunsa kondakitala wawo kuti aise, pa Sorgin tadutsa kale? Kondakitala nkuti inde adraiva, mwaimanso mwatsitsa mayi a nkhuku aja. Iwo osakumbukira olo pang'ono. Anaima pansi pa mtengo osadikira kuuzidwa.

Tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Katulo ka masekondi 4 ndi mamita pafupifupi 90, kutsala pang'ono kukwana bwalo la mpira lathunthu, galimoto ikuyenda yokha. Ndipo msewu wathuwu mukuudziwa, ng'ombe zimangotulukira, ngolo, njinga yosenza matumba a makala, ana ochokera kusukulu.

Zizindikiro zake pamsewu ndi izi: kusakumbukira malo amene mwangodutsa, spidi kumakwera ndi kutsika popanda chifukwa, tayala kukhudza mphepete mwa tala, kuchedwa kuponda buleki, kuiwala kusintha giya. Chimodzi chokha mwa izi chikachitika nkhani yatha, imani. Apa palibe zoti ndikafike kaye pa Dyeratu.

Nthawi zake zimadziwika

Thupi lili ndi wotchi yake. Limagwa mphamvu kawiri pa tsiku, kwambiri usiku cha mma 2 mpaka 5 koloko mbandakucha, komanso pang'ono masana cha mma 1 mpaka 3 koloko. Timanamizira nsima, ndipo nsima yambiri imawonjezeradi, koma olo musadye kugwa kwa masana kumabwerabe. Tsono kuchigwa kuno kumakumana ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala lija lopitirira madigiri 40, usiku wake munagona panja pamphasa kuthawa kutentha, udzudzu nkumakuimbirani mpaka 1 koloko. Mumayamba tsiku muli ndi ngongole ya tulo kale.

Ngongole imeneyi si yamasewera. Akatswiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amagwira ntchito ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti mmagazi, ndipo akafika maola 24 zimafanana ndi 0.10. Draiva wodzuka 4 koloko mmawa kukaima pa layini, pofika 9 koloko usiku wakwanitsa maola 17 aja, olo akhale mkulu wa mpingo wosalawa dontho.

Ndiye muzitani

Ine ndinayamba ndi kudula ntchito mzidutswa. Pakatha mphindi 30 kapena 40 ndimaimirira, olo pali layini, ndimatuluka mukiyosiki kukaima panja mphindi ziwiri, kuwongola msana, kuyang'ana kutali kumapiri a Thyolo uko. Makasitomala poyamba ankadandaula, pano anazolowera, ena amachita kundikumbutsa. Za maso pali kalamulo kosavuta kukumbukira: mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chakutali mamita 6 kapena kuposa kwa masekondi 20, nkuphethira dala kangapo. Chonde kupuma sikutsegula Facebook kapena WhatsApp, kumeneko nkusintha chabe katundu pamutu womwewo.

Ngati muli awiri sinthanani. Wina pasikelo wina pabuku, pakatha theka la ola mutembenuze. Alonda awiri asamakhale pamodzi pabenchi kudikira kuti tulo tiwapeze onse, wina azizungulira wina akhale, kenako kusinthana. Mwana wa pansanja uja naye musamusiye kuyambira mmawa mpaka madzulo nkumamukalipira kuti mbalame zadya mapira, mutu wake ndi wofanana ndi wa asilikali a radar aja.

Ntchito yovuta ikani mmawa. Ine kuwerengera float, ndalama zogwirira ntchito zija, ndi kulemba mbuku ndimachita ndisanatsegule kapena dzuwa litapendeka, osati 2 koloko. Ndipo kuyambira 1 mpaka 3 koloko ndili ndi lamulo langa: ndalama iliyonse ndimaitchula mokweza ndi mawu, kenako ndimatembenuza foni kuti kasitomala awerenge yekha ndisanadine. Mayi, taonani apa, ndi faifi sauzande eti? Zimachedwetsa masekondi khumi basi.

Madzi. Kuno timatuluka thukuta osazindikira chifukwa limauma pompo, ndipo thupi likangotaya madzi okwana 2 peresenti ya kulemera kwake chidwi chimayamba kutsika, kwa munthu wa makilo 60 ndi madzi opitirira pang'ono lita imodzi, zimene kuno zimatha usanafike nkomwe masana. Ludzu limachedwa kulankhula, yang'anani mkodzo, ukakhala wachikasu chakuda ngati tiyi wopanda mkaka mwachedwa kale. Ndikudziwa ena, makamaka madraiva ndi amayi a pamsika, amadzimana madzi dala poopa kusowa kokataya madzi, koma mtengo wake ndi mutu. Botolo likhale pafupi, muzimwa pang'onopang'ono. Thobwa kapena madzi a bwemba ndi malambe nzabwino, bola shuga asachuluke.

Masana idyani mopepuka. Mitanda itatu ya nsima ndi mlamba wonona kenako nkukhala pa chiwongolero, mukudziputa dala.

Za khofi, tiyi ndi ma energy drink aja anyamata akabaza amamwa ngati madzi. Tikakhala maso nthawi yaitali muubongo mumaunjikana mankhwala otchedwa adenosine, ndi amene amabweretsa kulemera kwa tulo. Caffeine, mankhwala odzutsa amene ali mu zakumwa zimenezi, sachotsa adenosine, amangotseka pamene iye amakakhala kuti ubongo usamve, ngati kumata pulasitala pa nyali yofiira ya pa dashibodi. Amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti ayambe kugwira, ndipo pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali mthupi, ndiye mukamwa 5 koloko madzulo musadabwe 11 koloko muli maso gwa, mawa nkudzuka ndi ngongole yokulirapo. Amathandiza ndithu, sindikukana, koma ndi wongobwereka.

Chimene chimabweza ngongole ndi tulo basi. Kagone mphindi 15 kapena 20, tcherani alamu pafoni. Bungwe la NASA ku America linayesapo pa oyendetsa ndege za maulendo ataliatali, amene analoledwa kugona pang'ono ankagona pafupifupi mphindi 26 ndipo ankakhala tcheru kuposa anzawo osagona. Mukapitirira theka la ola mumalowa tulo tofa nato, podzuka mutu umakhala zii ngati mwamenyedwa, ndiye mukadzuka musathamangire kiyi, sambani kumaso muyendeyende kaye mphindi zingapo. Njira imene achimwene anga amaikonda ndi kumwa tiyi wakuda wamphamvu kenako nkugona pompo mphindi 15 pampando wakumbuyo, podzuka tiyi uja wayamba kugwira.

Zotsegula windo, kukweza wailesi mpaka masipika kung'aluka, kudzitsina pantchafu, kutafuna chingamu, kudzithira madzi kumaso, zimagwira mphindi zochepa kwambiri kenako tulo timabwerera pomwe tinasiyira. Choipa chake zimakupatsani chikhulupiriro choti mwathana nazo.

Pezani wokuonerani

Poti mutu wotopa sudziona, uzani munthu amene mumakhala naye zizindikiro zimenezi ndipo mumupatse chilolezo cholankhula. Vuto lathu ndi ulemu, kondakitala amaona bwinobwino kuti abwana akusinza koma amaopa kunena, namwino wamng'ono amaona asisita alemba kawiri pa fayilo imodzi nkungokhala chete. Gwirizanani mawu pasadakhale. Achimwene anga ndi kondakitala wawo anapangana kuti akangonena kuti adraiva tiyeni tione matayala, ndiye kuti waona zikope zikuchedwa, galimoto iime popanda mafunso ndipo apasenjala sadziwa kanthu. Inunso apasenjala okhala kutsogolo, musamagone nonse, mulankhuleni draiva, mufunseni za mpira, ndipo mukaona akuyankha mochedwa kapena zosagwirizana ndi funso nenani kuti mukufuna kutsika mukataye madzi.

Pomaliza pake, si kutopa konse kumene kuli kwa ntchito. Mukapuma, mwamwa madzi, mwagona bwino usiku koma mutu ukadali wolemera, thupi likutentha kapena kuphwanya, kayezetseni malungo, kuno sitichedwa nawo. Munthu amene wakhala padzuwa nkuyamba kulankhula zosamveka, kudzandira, kusanza, khungu lili moto, ameneyo si wotopa chabe, muikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, muthireni madzi thupi lonse ndi kumukupiza uku mukufuna transipoti yopita kuchipatala. Odwala shuga akayamba kunjenjemera, thukuta lozizira ndi kusokonezeka, apatseni chotsekemera msanga ngati akutha kumeza. Ndipo ngati akunyumba amadandaula kuti mumaliza mkonono kwambiri mpaka kumabanika kutulo, masana nkumangosinza paliponse olo mwagona maola 8, kawauzeni adokotala zimenezo ndendende, makamaka ngati ntchito yanu ndi ya chiwongolero.